Kuswa mphanje pamalo odzaza popula ndi kusandutsa mitengoyo nkhuni

Anthu amene aotha moto wa nkhuni kwa zaka zambiri sauwerengera mtengo wa popula. Amati ngwopepuka ngati bango, umangoti lawilawi n'kutha, ndipo m'mawa ukafukula phulusa supezamo khala ngakhale limodzi. Sakunama. Koma munthu amene malo ake adzaza popula ndipo akufuna kuswa mphanje, kaya kuti alimepo, amangepo nyumba kapena adyetserepo ziweto, alibe mwayi wosankha mtengo. Mitengoyo idzagwa basi. Chotsala n'chakuti kodi idzawolera pomwe yagwerapo, kapena idzalowa m'mbaula ya nkhuni yokhala ndi chumuni n'kufunditsa nyumba. Ine ndili kumbali yoti iwazidwe, ndipo zimandiwawa ndikaona milu ya zipika za popula ikutenthedwa pamtetete ngati zinyalala.

Chimene muyenera kugwira m'mutu kuyambira pano n'chakuti popula sadikira munthu. Mukamugwetsa n'kumusiya pansi, amayamba kuwola musanamalize n'komwe ntchito zina. Mukasiya chitsa chake osachilabadira, amaphukanso kuchokera kumizu mpaka malo onse kudzazanso. Zonse zimene ndikufotokozezi zachokera pa khalidwe limeneli.

Choyamba: dziwani mtengo umene mukulimbana nawo

Popula si mtengo umodzi. Ndi gulu la mitengo imene akatswiri amaitcha Populus, ndipo ili pachibale ndi willow, umene ena amautcha msondodzi. M'gulumu muli aspen, amene masamba ake amanjenjemera ngakhale kamphepo kali kochepa. Muli cottonwood wa ku North America, amene njere zake zimauluka ndi ubweya wonga thonje. Muli popula woyera, popula wakuda, ndi popula wa Lombardy, wautali wowongoka uja amene amabzalidwa m'mizere kuti azitchinga mphepo. Yonseyi imakula mofulumira, imakonda nthaka yachinyezi, ndipo thabwa lake ndi lofewa. Pali mtengo wina umene ku America amautcha yellow poplar kapena tulip poplar, koma umenewo ndi wa banja la magnolia, si popula weniweni, ngakhale kuti nawonso ngwopepuka.

Kupepukako ndiye gwero la mbiri yake yoipa. Kiyubiki mita imodzi ya popula wouma imalemera makilogalamu pafupifupi 400, pamene ya oak, mtengo wa thabwa lolimba, imafika cha m'ma 700. Komatu kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma imapereka kutentha kofanana ndithu, kaya ndi ya popula, ya oak kapena ya bulugamu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'chikuni cha popula muli thabwa lochepa ndi mpweya wambiri. Ndiye kuti mulu wa popula udzakupatsani kutentha kongopitirira pang'ono theka la kumene mulu wofanana nawo wa oak ungapereke. Mukadziwa zimenezi simukhumudwa nazo, mumangokonza malo okulirapo osungira nkhuni n'kuvomereza kuti muzipita kumuluko kawirikawiri.

Chachiwiri: yendani m'malomo musanagwire chida

Tengani tsiku lathunthu, chikwanje chokha m'manja, ndipo yendani malo onse. Tsimikizani malire, chifukwa mtengo wa mnansi ukagwa sudzukanso, ndipo mlandu wake sutha msanga. Funsani kwa oyang'anira za nkhalango kapena za malo m'dera lanu ngati pakufunika chilolezo; mayiko ambiri ali ndi malamulo okhudza kudula mitengo yambiri nthawi imodzi, makamaka m'mphepete mwa madzi. Yang'anani kumwamba ngati pali mawaya a magetsi. Mtengo uliwonse umene ungafike pa mawayawo ukamagwa si wanu wodula, itanani eni ake a magetsi.

Kenaka sankhani zosiya. Kuswa mphanje si kumeta mpala. Popula wa m'mbali mwa mtsinje kapena pamalo otsetsereka kwambiri ndi amene wagwira dothi ndi mizu yake, ndipo mukamuchotsa mvula yoyamba yamphamvu idzakusonyezani ntchito imene ankagwira. Siyani mzere wa mitengo kumbali kumene kumachokera mphepo. Mitengo ina yolimba imene yamera pakati pa popula, ngati ili yowongoka bwino, ndi chuma cha m'tsogolo. Imangeni nsalu yowala kuti isadulidwe mwangozi. Koma popula amene ali pafupi ndi pamene mudzamange nyumba, chitsime kapena mapaipi, ameneyo achoke, pakuti mizu yake imayenda patali kufunafuna madzi ndipo imalowa m'mapaipi otayira madzi kudzera pamng'alu uliwonse.

Ngati malowo ndi aakulu, agaweni zigawo. Dulani chigawo chimene mungathe kuchiwaza ndi kuchisanja m'milungu iwiri kapena itatu, mukamaliza mupite china. Ambiri amalakwitsa pamenepa: kugwetsa n'kokoma, munthu amangopitiriza, ndipo pofika madzulo a tsiku lachitatu pansi pali mitengo yoti sangaimalize m'chaka chathunthu.

Chachitatu: nthawi yodula

Apa pali zinthu ziwiri zokokana, ndipo muyenera kusankha chimene mukufunitsitsa.

Mukadula nthawi imene mtengo wayoyola masamba n'kugona, ntchito imapepuka. Nthambi zimaoneka bwino, mbalame sizili m'zisa, ndipo nkhuni zimakhala ndi nyengo yonse yotentha yoti ziumire. Koma panthawiyo chakudya chonse cha mtengo chimakhala chitatsikira kumizu, choncho nyengo yophuka ikafika mizuyo imatulutsa mphukira zambirimbiri zamphamvu.

Mukadula masamba atangotha kutambasuka, mtengo umakhala utawononga nkhokwe yake popanga masambawo ndipo sunabwezeretse. Mphukira zimadzabwerabe, koma zofooka. Nthawi imeneyi ili ndi ubwino winanso: mukagwetsa mtengo n'kuusiya ndi nthambi ndi masamba ake kwa milungu iwiri kapena itatu, masambawo amapitiriza kukoka madzi m'thunthu mpaka kufota, ndipo nkhuni zimayamba kuuma musanazikhudze. Vuto lake n'lakuti imeneyi ndi nthawi imene mbalame zambiri zikuswa, ndiye yang'anani zisa ndi mphako musanadule, ndipo mtengo wa chisa muusiye mpaka ana atauluka.

Amene akufuna munda woyera asankhe njira yachiwiri. Amene akufuna kuti malowo azimupatsa nkhuni chaka ndi chaka asankhe yoyamba.

Chachinayi: zida

Chikwanje, nkhwangwa yowazira ya mutu wolemera, macheka a injini kapena macheka a manja ngati mitengo ndi ing'onoing'ono, maweji awiri kapena atatu a pulasitiki yolimba okhomera mumpata wochekedwa, chingwe cholimba, ndi tupa yonolera unyolo wa macheka. Unyolo wakuthwa umatulutsa tizipalapala. Ukayamba kutulutsa utuchi wonga ufa, imani munole.

Zovala musanyengerere nazo. Chipewa cholimba, magalasi kapena sefa yoteteza maso, zotseka m'makutu, magolovesi, nsapato zolimba kutsogolo, ndi buluku lopangidwa kuti liimitse unyolo ukaligunda. Ndipo musagwire ntchitoyi muli nokha. Mnzanuyo aime patali, pamtunda wosachepera kutalika kwa mtengowo kawiri, koma pamalo poti akuonani.

Chachisanu: lambulani pansi, kenaka gwetsani

Yambani ndi tchire, zitsamba ndi ziyangoyango. Mtengo womangidwa ndi ziyangoyango kumwamba sugwa kumene mwaulozera. Lambulani njira yotulutsira nkhuni, ndipo dulani mitengo ing'onoing'ono poyamba kuti ikuluikulu ipeze pogwera.

Mukafika pa mtengo waukulu, imani kaye n'kuuyang'ana mozungulira. Wapendekera kuti? Nthambi zolemera zili mbali iti? Mphepo ikuchokera kuti? Kumwamba kuli nthambi youma imene ingathothoke injini ikayamba kugwedeza thunthu? Popula amathyoka msanga, ndipo nthambi zake zouma zimagwa popanda chenjezo. Gogodani thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Likamveka ngati ng'oma, kapena mukaona bowa wolimba atamera pakhungwa, dziwani kuti m'kati ndi mowola. Popula wachikulire kawirikawiri amakhala wotero: kunja wosalala bwino, mumtima muli mowola mokhamokha. Mtengo wotere sumvera macheka, umagwa pamene wafunira.

Lambulani njira ziwiri zothawira. Zisakhale kumbuyo kwenikweni kwa mtengo, chifukwa tsinde limatha kudumphira kumbuyo mtengo ukamagwa. Zikhale chakumbuyo koma mopatukira kumanja ndi kumanzere, pafupifupi madigiri 45.

Tsopano kucheka. Kumbali kumene mukufuna kuti mtengo ugwere, chekani mpata wooneka ngati pakamwa poyasamula: kucheka kumodzi kotsetsereka kuchokera pamwamba, kwina kopingasa pansi pake, ndipo kuwiriku kukumane ndendende popanda kwina kupitirira. Mpatawo ulowe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kunenepa kwa thunthu. Ndiyeno pitani kuseri, chekani mopingasa, pamwamba pang'ono pa tsinde la mpata uja, masentimita 2 mpaka 5. Musacheke mpaka kutulukira. Pakati pa mpata wakutsogolo ndi kucheka kwakumbuyo pazitsala kachigawo ka thabwa kosadulidwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kunenepa kwa thunthu. Pa mtengo wonenepa masentimita 40, mpata ulowe masentimita 8 mpaka 10 ndipo kachigawo kotsalako kakhale masentimita 4. Kachigawo kameneka kamagwira ntchito ya mahinjesi a chitseko. Ndi kamene kamautsogolera mtengo mpaka pansi. Mukakadula, mtengo wa matani angapo ulibenso chouwongolera.

Macheka akangolowa mokwanira kumbuyo, khomani weji kuti mtengo usakhalire macheka n'kuwapana. Mukamva kulira kwa thabwa ndi kuona nsonga ikuyamba kuyenda, zimitsani injini, chokani ndi njira yanu yothawira, maso ali kumwamba.

Zinthu zitatu zimene zavulaza anthu ambiri ndi izi. Mtengo wopendekera kwambiri umatha kung'ambika chokwera musanamalize kucheka, ndipo chiphande chake chimamenya chakumbuyo pomwe pali mutu wa wochekayo. Wotere usiyireni munthu amene anaphunzira ntchitoyi. Mtengo umene wakodwa pa unzake osafika pansi musauyende pansi pake, musaukwere, ndipo musadule umene wauchirikizawo. Ukokeni ndi chingwe kapena thirakitala muli patali. Ndipo kamtengo kakang'ono kamene kapindidwa ndi mtengo wogwa n'koopsa ngati uta wokoka: mukakadula mosaganiza kamakukwapulani kumaso.

Ngati mudzazule zitsa ndi makina kapena ndi chingwe, musadule pansi kwenikweni. Siyani chitsa chotalika pafupifupi mita imodzi kuti chikhale chogwirira pokoka. Ngati zitsazo zidzawolere pomwepo, bwererani pambuyo pake mukazidule mofanana ndi nthaka.

Chachisanu ndi chimodzi: sadzani, dulani, wazani, osagona

Sadzani nthambi kuyambira kutsinde kupita kunsonga, thunthu lili pakati pa inu ndi macheka pamene zingatheke. Samalani ndi nsonga ya macheka, makamaka chapamwamba pake. Ikagunda chinthu, macheka amadumphira kwa inu mofulumira kuposa m'mene dzanja lingawagwirire. Musacheke chinthu chili pamwamba pa mapewa anu.

Dulani zipika molingana ndi mbaula yanu. Kwa ambiri masentimita 30 mpaka 40 amakwana. Zipika zazifupi zimauma msanga chifukwa madzi ambiri amatulukira kumapeto. Yang'anani m'mene thunthu lagonera: ngati lachirikizika mbali zonse ziwiri, pakati pali lende, yambani kucheka pang'ono pamwamba n'kumalizira pansi, ngati mbali imodzi ili m'malere, yambani pansi n'kumalizira pamwamba. Apo ayi macheka apanidwa. Ndipo unyolo usakhudze dothi, kamodzi kokha n'kokwanira kuubunthitsa.

Tsopano tafika pa mfundo imene imasiyanitsa popula wabwino ndi popula amene anthu amamunyoza. Mtengo wa popula ukangodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Khungwa lake limatsekera madziwo m'kati ngati chikopa. Chipika chosawaza chikagona pansi, sichiuma, chimangovunda. Ine ndinasiyapo zipika zabwinobwino pa udzu, ndikuti ndidzaziwaza ntchito zina zikachepa. Patatha chaka ndinapeza makungwa akusendeka okha, pansi pake pali nkhungu yakuda, ndipo nkhwangwa imangomira m'thabwa ngati m'siponji yonyowa. Zinali nkhuni zokwanira miyezi ingapo, ndipo palibe chimene ndinapulumutsapo. Kuyambira pamenepo lamulo langa n'lakuti chipika chodulidwa lero chiwazidwe sabata lomwelo.

Mwayi wake, popula wamuwisi amawazika mosavuta, makamaka aspen. Cottonwood wamkulu nthawi zina amakhala ndi luzi lopotana lokanirira. Ameneyo musamumenye pakati, muyambire m'mbali n'kumachotsa ziphande mozungulira. Ikani chipika pa chitsa chachifupi chophwatalala, miyendo motalikirana, ndipo lunjikani pamng'alu umene ulipo kale. Zikuni zikhale zonenepa masentimita 10 mpaka 15, koma musaziwaze zonse zing'onozing'ono. Popula wopyapyala amatha ngati pepala. Siyani zina zonenepa zoti muzidzaika moto ukakhazikika. Ngakhale nthambi zonenepa ngati mkono ziwazeni pakati, kapena sendani khungwa mzere umodzi kapena iwiri kuti madzi apeze potulukira.

Tinthambi ting'onoting'ono musatitaye tonse. Mangani mitolo yoyatsira moto. Zotsalazo mukhoza kuzigaya ndi makina n'kuphimbira nthaka, kapena kuziunjika kumalire kuti ziwolere kumeneko. Nthambi yaiwisi ya mitundu ina ya popula, monga cottonwood ndi popula wakuda, ikagona pa dothi lonyowa imamera mizu n'kukhala mtengo, choncho muluwo ukhale pouma. Ngati mukufuna kuzitentha, tsatirani malamulo a moto a m'dera lanu, lambulani mozungulira mpaka dothi, sankhani tsiku lopanda mphepo, madzi akhale pafupi, ndipo musachoke mpaka phulusa litazizira.

Chachisanu ndi chiwiri: kusanja ndi kuumitsa

Nkhuni zisakhudze nthaka. Yalani mitengo iwiri yaitali, njerwa kapena mapaleti akale, n'kusanja pamwamba pake. Sankhani pamalo podutsa mphepo ndi powomba dzuwa, osati pansi pa mitengo kapena kuseri kwa khoma. Mzere umodzi umauma bwino koposa. Ngati mukuika mizere iwiri, siyani mpata woti dzanja lilowe momasuka. Musapanikize zikuni, mpweya uzidutsa pakati pake. Kumapeto kwa mzere sanjani mopingasitsa kuti mulu usagumuke, ndipo usatalike kupitirira pachifuwa.

Phimbani pamwamba pokha ndi lata lakale kapena pulasitiki, m'mbali musiye poyera. Mukakulunga mulu wonse ndi pulasitiki, chinyezi chimazungulira momwemo ndipo mudzapeza nkhungu.

Popula wowazidwa ndi kusanjidwa chonchi amauma m'miyezi 6 mpaka 12, malinga ndi nyengo ya kwanuko. Apa amaposa oak, amene kumadera achinyezi amafuna zaka ziwiri kapena kuposerapo. Cholinga n'chakuti madzi atsike kufika pa 20 peresenti kapena kucheperapo. Pali kachipangizo ka timisomali tiwiri koyezera chinyezi m'thabwa. Mukakhala nako, wazani chikuni chimodzi n'kuyeza pakati pongowazidwa kumenepo, osati kunja kumene kwauma kale ndi dzuwa. Ngati mulibe, menyanitsani zikuni ziwiri: zouma zimalira mokweza, zaziwisi zimangoti phu. Zouma zimakhala ndi ming'alu kumapeto ndipo khungwa limayamba kutakasuka. Kupepuka kokha kusakunyengeni, chifukwa popula amamveka wopepuka m'manja ngakhale m'kati mudakali madzi. Umboni womaliza uli pamoto: chikuni chikamalira tswii n'kumatuluka thovu kumapeto, mulu wonsewo sunakonzeke.

Zikauma, zilowetseni pansi pa denga. Popula wouma amamwa madzi a mvula msanga. Ndiponso si nkhuni zosunga zaka zambiri; yambani ndi zakale, ndipo zithe m'zaka ziwiri kapena zitatu zisanayambe kufumbwa.

Chachisanu ndi chitatu: zitsa ndi mphukira

Munthu akagwetsa mtengo womaliza amaganiza kuti watha. Kwa popula, makamaka aspen ndi popula woyera, ntchito yangoyamba kumene. Mitengo imene mumaiona ngati yosiyanasiyana kawirikawiri imakhala yochokera pa mizu imodzi yolumikizana pansi pa nthaka. Ku Utah, m'dziko la United States, kuli nkhalango ya aspen yotchedwa Pando, ya mahekitala pafupifupi 43 ndi mathunthu oposa 40,000, ndipo yonseyo ndi chomera chimodzi. Thunthu likakhala chilili limatumiza kumizu timadzi toletsa mphukira kutuluka. Mukalidula, choletsacho chimatha, dzuwa limatenthetsa nthaka, ndipo mphukira zimabuka paliponse pamene mizu inafika, ngakhale mamita ambiri kuchokera pa chitsa. M'nyengo imodzi zimatha kufika m'chiuno kapena kupitirira.

Njira yogonjetsera ndi kuipha mizu ndi njala. Mphukira iliyonse ikangotambasula masamba imayamba kudyetsa mizu, choncho isapatsidwe mpata. Tchetchani kangapo m'nyengo yophuka, ndipo bwerezani chaka chachiwiri ndi chachitatu. Mukatchetcha kamodzi n'kuleka, mwangoithandiza kuchuluka. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zimadya mphukira zanthete, ndipo zikamadyetsedwa pamalopo mosalekeza zimagwira ntchito yaikulu.

Ngati simuli pachangu, pali njira ina yochita musanagwetse. Sendani khungwa mozungulira thunthu lonse, lamba wotambalala ngati chikhatho, mpaka thabwa loyera lionekere, koma osalowa m'kati mwa thabwalo. Madzi adzapitiriza kukwera, koma chakudya chochokera kumasamba sichitsikanso kumizu. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri mtengo umafa, mizu itafooka. Kumbukirani kuti popula wofa ali chilili amathyoka mosayembekezeka, choncho njirayi si ya pafupi ndi nyumba kapena njira ya anthu, ndipo kumugwetsa kumafuna kusamala koposa.

Ena amapaka mankhwala ophera zomera, monga glyphosate kapena triclopyr, pa chitsa chongodulidwa kumene, m'mphepete pafupi ndi khungwa pamene pali thabwa lamoyo. Amagwira ntchito akapakidwa nthawi yomweyo chitsa chisanaume. Tsatirani zolembedwa pa botolo, valani magolovesi, ndipo musawagwiritse ntchito pafupi ndi madzi. Dziwaninso kuti popeza mizu ndi yolumikizana, mankhwalawo akhoza kupha popula wina amene munafuna kumusunga, ngakhale wa kutsidya kwa malire.

Zitsa za popula zimawola msanga poyerekeza ndi za mitengo yolimba. Mukaboola mabowo angapo pamwamba n'kukwirira ndi dothi lachinyezi, m'zaka zochepa zimafewa moti khasu limazimaliza. Pamalo omangapo nyumba pokha zulani zitsa ndi mizu ikuluikulu yonse, chifukwa zikawolera pansi pa maziko nthaka imatitimira. Ndipo dothi limene mwalivundukula lisakhale lamaliseche: bzalani udzu kapena mbewu yophimba nthaka mvula isanalitenge.

Chachisanu ndi chinayi: pamoto

Popula wouma bwino amagwira moto ndi kamtengo kamodzi ka machesi, ndipo n'zosadabwitsa kuti timitengo ta machesi tambiri timapangidwa ndi aspen. Amayaka ndi lawi lowala, amatenthetsa chipinda mofulumira, kenaka n'kutha. Mugwiritseni ntchito pa zimene amatha. Ngwabwino poyatsira moto, pochotsa chisanu cha m'mawa, pa masiku ozizira pang'ono pamene moto wa nkhuni zolimba ungatenthe mopitirira, ndi pophika chinthu chofuna moto wachangu. Masana muli pakhomo, sonkhani popula. Usiku pogona, ikani chikuni cha mtengo wolimba kuti m'mawa mupeze makala. Mukasakaniza chonchi, nkhuni zanu zolimba zimakhalitsa.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndikupemphani kuti muchipewe. Poona kuti popula akutha msanga, munthu amadzaza mbaula n'kutseka polowera mpweya kuti moto uzinyeka pang'onopang'ono. Moto wotere umafuka, ndipo utsi wake ukazizira m'chumuni umasiya phula lakuda lotchedwa creosote. Phulali likaunjikana limagwira moto, ndipo moto wa m'chumuni watentha nyumba zambiri. Anthu amanamizira popula kuti ndi amene amadetsa chumuni, pamene olakwa enieni ndi nkhuni zaziwisi ndi moto wobanika. Ikani zikuni ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, mpweya ulowe mokwanira, lawi lizioneka. Tulukani panja muyang'ane chumuni: moto woyaka bwino umatulutsa utsi wosaoneka kwenikweni. Chumunicho chisesedwe kamodzi pachaka.

Popula amathetheka nthawi zina, ndiye ngati moto uli poyera ikani chotchinga cha waya kutsogolo. Fungo loipa limene ena amadandaula nalo, makamaka la cottonwood, limachokera ku nkhuni zosauma kapena zoyamba kuvunda. M'nyumba iliyonse yoyaka moto muzikhala polowera mpweya wabwino, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo suoneka, koma umapha munthu ali m'tulo. Kachipangizo kolira mpweyawu ukachuluka n'kofunika kukhala nako.

Phulusa lidzachuluka kuposa limene munazolowera. Liwoleni ndi fosholo, muliike m'chitini chachitsulo chovundikira, panja, kutali ndi khoma, chifukwa khala lobisika m'phulusa limakhala lamoyo masiku angapo. Likazizira mukhoza kuliwaza pang'ono m'munda umene mwatsegulawo. Lili ndi potaziyamu ndi kashiamu ndipo limachepetsa asidi m'nthaka, koma musaliunjike pamalo amodzi kapena kulithira pa mbewu zokonda nthaka ya asidi.

Ngati pamalo anu pali ngodya imene simudzalima, mphukira za kumeneko musazitchetche. Zikafika chaka chachiwiri, patulirani n'kusiya zowongoka zokhazokha motalikirana, ndipo tchingani kuti ziweto zisafikeko. Popeza zikukula pa mizu yakale yokhwima, m'zaka zosakwana 10 zimanenepa mokwanira kudulanso nkhuni, ndipo pa msinkhu umenewo macheka a manja amakwanira.